Kaphunziridwe ka mbiri ya California kosavuta

Anzanga a kuno ku Ntcheu, mukafuna kuidziwa mbiri ya California musayambire mafilimu a ma cowboy aja, amakometsera kwambiri. Tsegulani kaye mapu pa foni muone pomwe pali malire a California ndi Mexico, nkhani ya boda ife sitivutika nayo poti pa Lizulu ukangooloka msewu basi uli ku Mozambique, ndiye dziwani kuti dera la California linali la Mexico mpaka 1848 pomwe America inalitenga nkhondo itatha. Kenako lowezani zaka izi, 1848 golide anapezeka ku Sutter's Mill (malo ochekera matabwa), 1849 anthu anakhamukirako osati masewera, 1850 California inakhala state ya America. Musaiwalenso kufufuza za eni nthaka, ambiri anaphedwa ena anafa ndi matenda.