Musanagule NAS ya Pakhomo, Werengerani Madisiki ndi Magetsi Omwe

Pakhomo pamene pali mafoni anayi, laputopu imodzi ndi TV, mafayilo amabalalika. Zithunzi za chinkhoswe zili m'foni ya amayi, vidiyo ya ukwati ili pa fulashi imene inabwerekedwa ndipo sinabwerere, masatifiketi ndi mapepala a malo anajambulidwa koma palibe akukumbukira kuti anajambula ndani. Foni ikabedwa m'minibasi, zonse zapita nayo. Ena amadalira Google, koma malo aulere kumeneko ndi 15 GB okha, ndipo kuyambira pa 1 June 2021 zithunzi zatsopano zopita ku Google Photos zimadya malo omwewo. Komanso vidiyo iliyonse imene mwakweza pa intaneti imakudyerani bandulo.

NAS ndi kabokosi kokhala ndi madisiki mkati, kamene mumakalumikiza ndi waya ku rauta ya pakhomo. Aliyense amene ali pa Wi-Fi ya nyumbayo amatha kusungamo zinthu kapena kutengamo. Ubwino wake waukulu kwa ife ndi uwu: mafayilo akamachoka pa foni kupita mu NAS amangodutsa mu rauta, satuluka kunja kwa nyumba. Bandulo itatha, ana aoneranso mavidiyo awo pa TV ndipo zithunzi za m'foni zilowabe m'bokosi.

Amene amandifunsa kuti agule NAS yanji yotchipa ndimawauza kuti bokosilo ndi gawo limodzi chabe la mtengo. NAS zambiri zimagulitsidwa zopanda madisiki, ndipo madisiki awiri abwino nthawi zambiri amafanana mtengo ndi bokosi kapena kuposa. Pamwamba pake pakufunika chotetezera ku magetsi ndi disiki ina yapadera yosungira kope lachiwiri. Munthu akathera ndalama zonse pa bokosi lapamwamba, n'kuikamo madisiki apakaunjika, n'kulilumikiza kukhoma lopanda chitetezo, wawononga ndalama. Kuli bwino bokosi laling'ono, zinazo zili zokwanira.

Yambani ndi kuwerenga zimene muli nazo. Tsegulani foni iliyonse ndi kompyuta iliyonse, muone kuchuluka kwa zithunzi, mavidiyo ndi zolemba, muphatikize. Chithunzi cha pa foni chimalemera 3 kapena 4 MB, choncho 1 TB imanyamula zithunzi pafupifupi 250,000. Chimene chimadzaza malo ndi vidiyo, chifukwa mphindi imodzi yojambulidwa bwino pa foni imafika cha m'ma 100 MB. Mukapeza chiwerengero chanu, chulukitsani kawiri kapena katatu kuti pakhale malo a zaka zikubwerazi. Mabanja ambiri 2 TB kapena 4 TB imawakwanira. Wojambula maukwati ndi zinkhoswe, kapena wosamalira mavidiyo a kwaya ndi mapemphero a kumpingo, ayambire pa 8 TB. Musadabwe disiki ya 4 TB ikaonetsa 3.6 TB: sanakubereni, opanga madisiki ndi kompyuta amawerenga mosiyana.

Kenako pali funso la malo olowetsa madisiki, limodzi kapena awiri. Bokosi la madisiki awiri limatha kulemba chinthu chimodzi pa madisiki onse nthawi imodzi, njira imene imatchedwa RAID 1. Disiki imodzi ikafa, inayo ikadali ndi zonse. Mumangogula yatsopano, kulowetsa, bokosi n'kukopera lokha. Dziwani kuti mukaika madisiki awiri a 4 TB mwa njira imeneyi, malo anu ndi 4 TB, osati 8.

Pano ndichedwepo, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amanamizika. RAID 1 ili ngati kabuku ka malisiti ka kaboni: chimene mwalemba pamwamba chimatsikira pansi nthawi yomweyo, kaya n'cholondola kaya n'cholakwika. Mwana akafufuta foda ya zithunzi, yafufutika pa madisiki onse. Vairasi ikawononga mafayilo, awonongeka konse. Mphenzi ikalowa m'mawaya, akuba akathyola nyumba, denga likadontha pa bokosi, madisiki onse awiri ali malo amodzi. Ndiye chifukwa chake odziwa ntchitoyi amalangiza kuti chinthu chofunika chikhale ndi makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi lili kunja kwa nyumba. Ngati ndalama zanu zikungokwana madisiki awiri, ine ndinganene kuti imodzi ilowe mu NAS, inayo ikhale ya USB yosungira kope, muzikaisunga kuntchito kapena kwa m'bale wodalirika. Zimenezi zimakutetezani ku mavuto ambiri kuposa kuika onse awiri m'bokosi limodzi. Gulanibe bokosi la malo awiri ngati kusiyana kwa mtengo n'kochepa, malo enawo mudzadzaza zinthu zikadzayenda bwino.

Pa mabokosi ogula okonzeka, mayina odziwika ndi Synology, QNAP ndi Asustor a ku Taiwan, ndiponso TerraMaster ya ku China. Mwa zotsika mtengo, Synology DS223j ili ndi malo a madisiki awiri ndi memore ya 1 GB imene singawonjezeredwe, pamene QNAP TS-233 ili ndi 2 GB. Zonsezi zimakwanitsa kusunga mafayilo, kutenga zithunzi m'mafoni ndi kutumiza vidiyo ku TV. Kwa munthu amene safuna kulimbana ndi zamakompyuta, pulogalamu ya Synology yotchedwa DSM ndi yosavuta kuitsatira. Mabokosi okwera mtengo ngati DS224+, okhala ndi purosesa ya Intel, amathandiza ngati mukufuna kuti bokosilo lizisintha vidiyo kuti igwirizane ndi chipangizo chimene chikuonera, kapena liziyendetsa mapulogalamu ambiri nthawi imodzi. Ngati mungoonera ndi pulogalamu yoonera mavidiyo ya VLC pa foni kapena pa laputopu, mphamvu imeneyo mwailipira pachabe.

Njira ina ndi kupanga nokha. Laputopu yakale imene ili m'kabati, ngakhale ya sikirini yosweka, itha kukhala NAS mukaikamo OpenMediaVault, pulogalamu yaulere yomangidwa pa Debian, mtundu wina wa Linux. Ine ndimaikonda njirayi chifukwa laputopu imabwera ndi batire lake, ndiye magetsi akathima mwadzidzidzi siizima pomwepo. Ingoonetsetsani kuti batirelo silinatupe, ndiponso kuti laputopuyo ili ndi polowetsa waya wa netiweki. Kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi 4 kapena 5 kamagwiranso ntchito, koma madisiki aakulu a mainchesi 3.5 amafuna chotengera chokhala ndi adaputala yakeyake. TrueNAS ndi yabwino koma imafuna memore ya 8 GB kupita m'mwamba, choncho si ya makina ofooka. Kupanga nokha kumafuna munthu wa m'nyumbamo wokonzeka kuwerenga ndi kukonza zikavuta. Ngati wodziwayo ndi mphwanu amene chaka chamawa apita ku koleji, ganizirani bwino.

Kompyuta yaikulu ya pa desiki sindimailimbikitsa, ndipo chifukwa chake ndi mayunitsi. NAS ya madisiki awiri imadya mawati 15 mpaka 20 ikamagwira ntchito, ndipo imatsika kwambiri madisiki akagona. Pa mawati 20, usana ndi usiku kwa masiku 30, ndi mayunitsi pafupifupi 14. Kompyuta yakale yodya mawati 70 imatha mayunitsi 50 pa nthawi yomweyo. Pakatha zaka ziwiri, kompyuta imene munaiona ngati yaulere yakudyerani ndalama zambiri pa mita.

Pa madisiki musanyengerere. Alipo opangidwira ntchito ya usana ndi usiku: WD Red Plus, Seagate IronWolf ndi Toshiba N300. Funsani ngati disikiyo ndi ya CMR kapena SMR, njira ziwiri za kalembedwe ka disiki; yoyenera NAS ndi ya CMR, imene mizere yake siisanjikizana. Ya SMR imalemba mizere yosanjikizana kuti malo achuluke, ndipo ikapatsidwa ntchito yolemba kwa maola ambiri imachedwa kwambiri, makamaka pamene bokosi likukopera zonse ku disiki yatsopano. Mu 2020 zinadziwika kuti madisiki ena a WD Red a 2 TB mpaka 6 TB anali a SMR popanda ogula kuuzidwa, ndipo pambuyo pake kampaniyo inatulutsa dzina la Red Plus pa madisiki a CMR. Choncho liwu loti Plus muliyang'ane pa chizindikiro. Musanalipire, onaninso pa tsamba la opanga bokosi lanu ngati disiki imeneyo ili pa mndandanda wa zimene zimagwirizana nalo.

Disiki yakale ikakusangalatsani mtengo, muiyeze pamaso pa wogulitsa. Pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo imaonetsa maola amene disiki yagwira ntchito ndi zigawo zimene zawonongeka. Chaka chili ndi maola 8,760, ndiye disiki yoonetsa maola 35,000 yazungulira zaka zinayi osapuma. Ikaonetsa chenjezo lachikasu, isiyeni ngakhale akutsitsireni bwanji. Wogulitsa akakana kuti muyeze, pitani kwina.

Za magetsi tonse tikuzidziwa. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu January 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 ndipo kuthimathima kunatenga nthawi yaitali. Anzathu ku Zambia anaona zomwezo mu 2024 madzi atatsika ku Kariba. Disiki imene magetsi aithimira ili mkati molemba itha kuwononga fayilo, nthawi zina dongosolo lonse la mafayilo. Mankhwala ake ndi UPS, bokosi la batire limene limapitiriza kupereka magetsi akathima, koma sankhani yokhala ndi polowetsa waya wa USB wolankhulana ndi NAS. Ntchito yake si kuyendetsa bokosi maola onse a mdima. Magetsi akathima, UPS imauza NAS, ndipo NAS imamaliza zimene imalemba n'kudziimitsa bwinobwino ngakhale inu muli kumsika. UPS yaing'ono ya 600 kapena 650 VA imakwanira bokosi ndi rauta. Batire la mkati mwake limafooka pakapita zaka zingapo, ndiye muziliyesa. Nyengo ya mvula, ziphaliwali zikayamba, zimitsani ndi kuzula pulagi kukhoma, chifukwa palibe kachipangizo kotchipa kamene kangaimitse mphenzi yogwa pafupi.

Yang'ananinso rauta yanu musanagule chilichonse. Timarauta ta m'thumba ta MiFi tambiri tilibe polowetsa waya, ndipo NAS imafuna waya. Marauta ena otchipa ali ndi malo a waya a 100 Mbps okha. Pa liwiro limenelo, kukopera 100 GB kumatenga maola awiri ndi theka, pamene pa gigabit (1,000 Mbps) ndi mphindi 15. Ngati laputopu kapena TV yanu imalumikizidwa ndi waya, kaswitchi kakang'ono ka gigabit ndi waya wa Cat5e kapena Cat6 zimathetsa vutoli pa mtengo wochepa. Ndipo ngati rauta yanu ili ndi polowetsa USB, yesani kaye kulumikizapo disiki. Imayenda pang'onopang'ono, koma mudzadziwa ngati banja lanu lingagwiritsedi ntchito chosungira cha pamodzi musanatulutse ndalama zambiri.

Bokosi lakale lotchipa kwambiri limene opanga anasiya kulikonzera pulogalamu ndi loopsa likakhala pa intaneti. Mu June 2021 eni ake a WD My Book Live m'mayiko osiyanasiyana anadzuka n'kupeza mafayilo awo onse atafufutidwa ndi anthu a kutali. Zipangizo zimenezo zinalandira pulogalamu yomaliza mu 2015. Mu January 2022 vairasi ya DeadBolt inatseka mafayilo m'mabokosi a QNAP amene anali oonekera pa intaneti, akubawo n'kumafuna 0.03 bitcoin kuti atsegule. Tsiku loyamba lenilenilo, pangani akaunti yanu ya woyang'anira ndi pasiwedi yaitali, tsekani akaunti ya admin imene inabwera ndi bokosi, zimitsani UPnP pa rauta (njira imene imalola zipangizo kudzitsegulira zokha makomo a ku intaneti), ndipo aliyense m'banja akhale ndi akaunti yake. Ana apatseni chilolezo choonera chokha pa foda ya zithunzi za banja. Mukafuna kufika ku mafayilo muli kutali, gwiritsani ntchito pulogalamu ngati Tailscale m'malo motsegula makomo a rauta. Muzisunganso kabandulo kolola bokosi kulandira pulogalamu yatsopano ikatuluka.

Ambiri zinthuzi amatumiziridwa ndi abale a ku Johannesburg kapena ku Britain. Auzeni nambala yeniyeni ya bokosi ndi ya disiki, osati dzina la kampani lokha. Madisiki anyamulidwe m'chikwama cha m'manja, atakulungidwa bwino, chifukwa katundu wa pansi pa basi amaponyedwa ndipo disiki yomenyeka imatha kugwira ntchito mwezi umodzi n'kufa. Pulagi ya ku Britain ndi yofanana ndi yathu, koma ya ku South Africa ya mano ozungulira imafuna kusintha waya. Werengeraninso msonkho wa pa chipata, ndipo kumbukirani kuti chikawonongeka, kuchibweza kumene chinagulidwa n'kovuta. Nthawi zina kulipira mowonjezera pang'ono kwa wogulitsa wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre amene akupatsani lisiti ndi chitsimikizo cholembedwa n'kwanzeru.

Bokosi likafika, liikeni pamwamba, pa shelefu yosagwedezeka, kutali ndi zenera ndi utsi wa kukhitchini. Musalitsekere m'kabati kapena kuliphimba ndi nsalu yokongoletsera. Opanga ambiri amati chipinda chisapitirire madigiri 40, ndipo ku Chikwawa ndi ku Nsanje mwezi wa October m'nyumba ya malata mumafika pamenepo, choncho masana otentha kwambiri ndi bwino kulizimitsa. Fumbi la pa fani muzilichotsa ndi kaburashi kofewa bokosi lili lozima.

Disiki ya USB ya kope lachiwiri ija muziibweretsa kamodzi pa mwezi, tsiku lodziwika, monga Loweruka loyamba malipiro akatuluka. Ichiteni fomati mu NTFS kapena exFAT, mitundu ya kasanjidwe ka mafayilo pa disiki, kuti kompyuta iliyonse ya Windows ithe kuiwerenga, chifukwa NAS zambiri zikasiyidwa kuti ziikonze zokha zimasankha ext4, imene Windows siitsegula popanda pulogalamu yapadera. Mukamaliza kukopera, ilumikizeni ku laputopu, mutsegule zithunzi zingapo, vidiyo imodzi ndi chikalata chimodzi kuti muone ndi maso anu kuti zikutseguka, kenako muibwezere kumene imasungidwa tsiku lomwelo.