Mukamva kuti kampani ya makompyuta ikugulidwa: kapetedwe ka mphekesera

Mphekesera zoti kampani ikugulidwa zimabwera zitanyamula dzina la wogula, ndipo dzinalo ndi limene limasokoneza anthu. Amakhalira kukangana kuti kaya ndi Samsung kaya ndi Dell, osafunsa kuti wogulayo akufunamo chiyani m'kampanimo. Ine ntchito yanga ndi yokonza makompyuta, ndipo ndimakonda kusunga akale a m'ma 1980, makamaka ma Commodore ndi ma Amiga. Zimene zinagwera makampani opanga makina amenewa n'zothandiza kwa aliyense amene akumva manong'onong'o kuntchito kwake, komanso kwa amene anagula katundu wa kampani yomwe akuti yatsala pang'ono kugwa.

Yambirani pa mabuku a ndalama musanamvere munthu aliyense. Kampani imene masheya ake ali pa msika imakakamizidwa kulengeza phindu kapena ndalama zimene yataya, ndipo aliyense atha kuwerenga. Atari, kampani ya ku America yopanga magemu ndi makompyuta, inataya madola oposa 500 miliyoni mu 1983. Mu February chaka chomwecho inali italengeza kale kuti ichotsa antchito 1,700 ku California n'kusamutsira ntchito yopanga makina ku Hong Kong ndi Taiwan. Commodore, imene inkapanganso ma Amiga, nayo inataya madola oposa 350 miliyoni m'chaka cha ndalama chimene chinatha mu June 1993. Mukaona ziwerengero zotere, funso loti "kodi anthu achotsedwa?" layankhika kale. Chatsala n'choti achotsedwa liti ndipo awachotsa ndani, bwana wakale kapena watsopano.

Kenako onani amene akulankhula, ndi chimene apindule inu mukamukhulupirira. Commodore International inadzipereka kuti ithetsedwe pa 29 April 1994, ndipo panatha chaka chathunthu wogula asanapezeke. Chaka chimenecho magazini a Amiga ankatuluka mwezi uliwonse ndi nkhani yoti zonse zatsala pang'ono kutheka. Akuluakulu a nthambi ya ku Britain, David Pleasance ndi Colin Proudfoot, ankanena poyera kuti akufuna kugula kampani yonse. Alex Amor wa kampani ya Creative Equipment International ya ku Miami ankanenanso chimodzimodzi. Sindikunena kuti ankanama. Koma munthu amene akusaka ndalama zogulira kampani amafunika kuti azimveka ngati wapambana kale, kuti omubwereka ndalama asabwerere m'mbuyo ndiponso eni masitolo asachotse katundu wake pa mashelefu. Magazini nawonso ankadalira kuti Amiga isafe, poti ikafa iwo agulitsa chiyani? Tsiku la malonda litafika mu April 1995, a ku Britain aja anali atadzichotsa pa mpikisano, Dell inabwera mochedwa ndi mtengo umene sunalandiridwe, ndipo inatenga zonse ndi Escom, kampani ya ku Germany yogulitsa ma PC m'masitolo.

Musaganizenso kuti bwana wanu akudziwa zonse. Mu 1984 mkulu wa Atari, James Morgan, anali kalikiliki kukonza zochepetsa kampaniyo kuti iyime payokha, pomwe eni ake, Warner Communications, ankakambirana zoigulitsa kwa wamalonda Jack Tramiel. Bwana akakuuzani pa msonkhano kuti palibe chikuchitika, n'kutheka kuti akunena zoona monga momwe iye akudziwira. Amene amagulitsa kampani ndi eni masheya ndi amene kampaniyo ili nawo ngongole, ndipo anthu amenewa sabwera ku kantini.

Tsopano funso lenileni, limene ndimati mulifunse mobwerezabwereza mpaka wina akuyankheni: akugula kampani, kapena akugula katundu wa kampani? N'zosiyana kwambiri. Wogula masheya amatenga kampani ndi zonse zili m'kati, antchito, mapangano, ngongole. Umu ndi momwe kampani ya ku Italy ya Olivetti inalowera mu Acorn, kampani yopanga makompyuta ya ku Cambridge, mu 1985. Inayamba ndi masheya osakwana theka, kenako inaonjezera mpaka kukhala mwini wamkulu. Anthu ena anachotsedwa ndithu, koma kampaniyo inapitirira, ndipo mu 1987 inatulutsa Archimedes, kompyuta yoyendera chipu cha ARM, chimene zidzukulu zake zili m'mafoni athu lero.

Wogula katundu amasankha zimene akufuna, zina zonse n'kuzisiya. Tramiel, amene anayambitsa Commodore n'kuchokako mu January 1984 atasemphana ndi wapampando Irving Gould, anagula mbali ya Atari yopanga makompyuta ndi magemu a m'nyumba kumayambiriro kwa July chaka chomwecho. Mbali ya makina a magemu oponyamo ndalama inatsala m'manja mwa Warner. Choncho anthu awiri ovala baji ya kampani imodzi anadzuka wina ntchito ili bwinobwino, wina akudikira pamzere kuti anthu a Tramiel amufunse mwachidule chimene amagwira, n'kugamula pomwepo ngati atsale. Ambiri sanatsale. Kampani ya ku Britain ya Amstrad nayo, mu April 1986, inapereka mapaundi 5 miliyoni pogula dzina la kampani inzake ya Sinclair ndi ufulu wopanga makompyuta ake, osati kampani yonse. Escom inagula maina, mapatenti (umwini wa luso mwalamulo) ndi mapulani a makina a Commodore. Ku likulu la Commodore ku West Chester, m'boma la Pennsylvania, mainjiniya anali atabalalika kale. Ndiye mukamva mawu oti "tagula dzina ndi luso la kampaniyi", dziwani kuti inu simunatchulidwe.

Fufuzaninso ngati wogulayo ali ndi ndalama m'manja. Tramiel sanapereke ndalama zenizeni kwa Warner. Anapereka zikalata zolonjeza kudzalipira madola 240 miliyoni m'tsogolo. Munthu wogula pa ngongole chonchi amayamba n'kudula malipiro, chifukwa ndi pokhapo pamene angapeze ndalama msanga. Escom, imene okonda Amiga anailandira ngati mpulumutsi, inali itadzitambasula kwambiri ndi masitolo atsopano ku Britain, ndipo inagwa mu July 1996, patangotha chaka chimodzi ndi miyezi yochepa. Kenako kampani ya VIScorp ya ku Chicago inalengeza kuti ikugula Amiga, anthu n'kusangalalanso, koma ndalama zinakanika kupezeka. Mu 1997 Amiga inapita kwa Gateway 2000, dzina la Commodore n'kupita kwa Tulip ya ku Netherlands. Mawu oti "tagwirizana kugula" ndi oti "talipira" amatha kutalikirana ndi miyezi yambiri, ndipo nthawi zina sakumana n'komwe.

Ngati muli m'kati mwa kampaniyo, maso anu amaona zambiri kuposa atolankhani. Onani ku sitolo ya zipangizo: kodi mabokosi akubwerabe, kapena operekera katundu ayamba kufuna ndalama patsogolo? Onani ntchito zokonzekera makina a chaka chamawa. Commodore inaimitsa ntchito yopanga machipu atsopano otchedwa AAA mu 1993, ndipo kampani imene yasiya kukonzekera mawa ndiye kuti yasiyanso kuwerengera anthu a mawa. Makina ake a magemu, CD32, anatuluka mu 1993 n'kugulidwa bwino ku Britain, koma khoti la ku America linaletsa kuti alowe m'dzikomo chifukwa cha ngongole ya patenti imene kampani inali isanalipire, ndipo katundu wambiri anangokhala ku fakitale ya ku Philippines. Wogwira ntchito yotumiza katundu ankazidziwa izi nyuzipepala isanalembe. Onaninso amene akuchoka mwakachetechete. Akayamba kuchoka a ku ofesi ya ndalama ndi maloya a kampani, musadikire chilengezo.

Chochita ndiye chiyani? Choyamba, musasiye ntchito chifukwa cha mphekesera. Wosiya yekha nthawi zambiri amataya ndalama zimene akanalandira pochotsedwa. Funani ntchito ina mwakachetechete, koma kalata yosiyira muilembe mutagwira kale ina m'manja. Pakadali pano tengerani kunyumba makope a zikalata zanu: kontirakiti, mapepala a malipiro, chiwerengero cha masiku a tchuthi amene simunapite, zikalata za penshoni. Zanu zokha, osati zinsinsi za kampani, chifukwa zimenezo zingakulowetseni m'milandu. Tsiku lotseka likafika, kompyuta ya pa desiki panu imatsekedwa m'mawa womwewo, ndipo imelo ya kuntchito simudzaionanso. Ngati munagwiritsa ntchito ndalama zanu pa ulendo wa kampani, kaitanitseni sabata ino. Kampani ikalowa m'manja mwa oithetsa, kangongole kanu kamakaima pamzere umodzi ndi ngongole zina za kampaniyo.

Dziwaninso lamulo la dziko limene mukugwirako ntchito, poti limasiyana. Ku America kuli lamulo la WARN la 1988, lokakamiza makampani akuluakulu kupereka chenjezo la masiku 60 asanachotse anthu ambiri. Antchito a Atari a mu 1984 analibe chitetezo chimenechi. Ku Britain, bwana wofuna kuchotsa anthu 20 kapena kuposerapo pa malo amodzi ayenera kukambirana kaye ndi oimira antchito, ndipo malamulo a TUPE amasamutsa kontirakiti yanu kupita kwa mwini watsopano ngati bizinesi yagulidwa ikuyenda. Ku South Africa nkhani zomwezi zili mu gawo 189 ndi 197 la Labour Relations Act. Ngati pali bungwe la antchito, apa ndiye pamene ndalama imene amakudulani mwezi ndi mwezi iyenera kuoneka ntchito yake.

Kwa inu amene mwangogula makina a kampani yotere, nkhani ndi yaifupi. Sungani lisiti, chifukwa amene mungamugwire ndi wa sitolo amene anakugulitsani; chikalata cha walanti chochokera ku kampani yakufa palibe angachilemekeze. Gulani msanga zinthu zimene zimaonongeka kawirikawiri, monga chaja ndi zingwe za mtundu wawokha, mitengo isanakwere. Koperani mafayilo anu m'njira yoti kompyuta ina iliyonse iwatsegule.

Ndipo makina akadzabweranso ndi dzina lomwelo pansi pa mwini watsopano, musawagule ndi maso otseka. Escom inayambiranso kupanga Amiga 1200 kumapeto kwa 1995, ku fakitale ina ya ku France. Kunja inali pafupifupi yomweyo, kiyibodi yomweyo, pulasitiki yoyera yomweyo. Koma m'kati anaikamo chowerengera madisiki cha mtundu wa PC chimene anangochisintha pang'ono, ndipo magemu ena akale ankakana kuyamba, disiki ikungolira "tiki tiki" sikirini ili bii. Mukapeza Amiga 1200 pa malonda lero, itembenuzeni muwerenge kapepala ka pansi. Ngati palembedwa Amiga Technologies m'malo mwa Commodore, pemphani wogulitsayo aikemo disiki ya gemu yakale muone ngati iyamba musanatulutse ndalama.