Mukukakwera Ilala? Longedzani ngati munthu wokatsikira m'madzi

Masiku ano ndikafika pa msonkhano wa banki m'khonde kapena wa kalabu ya alimi kuno ku Kasungu, nkhani ya ulendo sichedwa kutuluka. Gulu likagawana ndalama, kapena fodya akayenda bwino ku Chinkhoma, pamapezeka wina woti, "Chaka chino tiyeni tikaone nyanja, tikakwereko Ilala." Maganizo amenewa ine ndimawayamikira. Munthu wagwira khasu chaka chonse ayenera kupumako, ndipo ambiri mwa ife madzi aakulu omwe tinawaonapo ndi a mtsinje wa Bua ukasefukira m'dzinja. Chondidetsa nkhawa ndi kalongedzedwe kathu. Timalongedza ngati tikukwera basi ya ku Lilongwe, yoti kondakitala aponya katundu m'buti ife n'kukhala pampando mpaka kudepoti.

Yambani mwaidziwa sitima yomwe mukukakwerayo. Ilala inapangidwa ku Scotland mu 1949 ndi kampani ya Yarrow, inabwera zidutswazidutswa kudzera pa doko la Beira, n'kudzalumikizidwa kuno, ndipo inayamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951. Kutalika kwake ndi mamita 52. Njira yake ndi yochokera ku Monkey Bay kupita kumpoto mpaka ku Chilumba n'kubwerera, ikuima m'malo monga Likoma, Chizumulu, Nkhata Bay, Usisya ndi Ruarwe. Si sitima ya okaona malo okha ayi. Kwa anthu a kuzilumba ndi a m'midzi ya m'mphepete yomwe msewu sufikako bwino, Ilala ndiyo basi, ndiyo lole. Mumakwera limodzi ndi matumba a chimanga ndi chinangwa, malata, simenti, nkhuku, madengu a usipa.

Tsono mfundo yaikulu ndi iyi. M'malo ambiri momwe imaima mulibe doko loti ikocheze. Imaponya nangula chapatali, anthu n'kutsikira m'maboti ang'onoang'ono omwe amawapititsa kumtunda. Botilo likayandikira mchenga mumatsikira m'madzi, mwina ofika m'mawondo, mwina m'chiuno ngati kuli mafunde, ndipo nthawi zina izi zimachitika pakati pa usiku. Ine ulendo wanga woyamba ndinanyamula sutikesi ya matayala, yatsopano, yogulira ulendo womwewo. Matayalawo sanagunde pansi ngakhale kamodzi. Ndinaisenza pamutu ngati mtolo wa nkhuni, ndipo pofuna kuti isagwe ndinaiwala kuti foni ili m'thumba la buluku. Inathera pomwepo, ndi manambala onse a alimi anga. Cholakwa chinali changa, ndipo n'chifukwa chake lero ndimauza gulu lililonse kuti katundu amene simungamunyamule nokha, dzanja limodzi lili lopanda kanthu logwirira makwerero kapena mwana, ameneyo wachuluka. Chotsani zina.

Chikwama chabwino ndi chobereka kumsana. Amene alibe, chikwama chofewa chansalu chokhala ndi lamba wa paphewa chigwira ntchito. Musanaikemo kanthu, yalanimo pepala la pulasitiki lokhuthala, ngakhale thumba lamkati la feteleza lija mutalitsuka bwino ndi sopo n'kuliyanika (la zovala lokha, chakudya musaikemo), ndipo mukamaliza kulongedza mangani kukamwa kwake ndi mphira. Amayi ena a gulu lathu ananyamula ndowa ya malita 20 yokhala ndi chivindikiro chothina, ndipo tinawaseka ponyamuka. Pobwerera tinali kuwachitira nsanje: zovala zawo sizinanyowe, chakudya sichinaphwanyike, ndipo ndowayo inali mpando wawo pamene ena tinali kuimirira.

Pali tinthu tina tosayenera kulowa m'chikwama chachikulu. Chiphaso chaunzika, tikiti, ndalama, foni, buku la kuchipatala ndi mankhwala zikhale m'kajumbo komanga bwino, kajumboko m'kachikwama kakang'ono kopachika m'khosi, mkati mwa malaya. Potsika m'boti kakhale pachifuwa, osati m'chiuno.

Za mankhwala ndiime pang'ono, chifukwa apa ndi pamene anthu amavutika mwakachetechete. Sitima imayenda ndi nyengo komanso ndi katundu. Pamalo pamodzi ikhoza kutha maola angapo akutsitsa ndi kukweza matumba, ndipo mphepo ikakula imadikira. Mukaiphonya pachilumba, mukhoza kukhala masiku angapo musanapeze chokubwezerani kumtunda. Choncho amene mumamwa ma ARV, mankhwala a BP, a shuga, a mphumu kapena a khunyu, werengani masiku a ulendo n'kuonjezerapo a sabata yathunthu. Ngati tsiku lanu lokatenga mankhwala likugwera mkati mwa ulendo, pitani kuchipatala msanga mukawafotokozere. Musachite manyazi ndi anzanu a pagulu mpaka kusiya botolo kunyumba. Likulungeni m'kansalu, palibe amene adzakufunseni. Pambali pa amenewa gulu likhale ndi Panado, mapaketi angapo a Thanzi ORS, bandeji, ndi sopo.

Ife a kumtunda nyanja siitidziwa, ndipo mimba zathu zimaulula msanga. Vuto n'lakuti ndalama zathu zimabwera nthawi yolakwika. Fodya, soya ndi mtedza timagulitsa kuyambira cha mu Epulo mpaka Ogasiti, ndipo miyezi yomweyi ndi ya mwera, mphepo yochokera kumwera imene imautsa mafunde aakulu. Nseru ya panyanja imabwera chifukwa mkati mwa khutu mumamva kuti thupi likugwedezeka pamene maso akuona khoma kapena thumba lomwe silikusuntha, ubongo n'kusokonezeka. Mankhwala ake oyamba ndi aulere: tulukani pamalo opita mphepo, khalani chapakati pa sitima pomwe sipagwedezeka kwambiri, yang'anani kutali kumene madzi akumana ndi thambo kapena kumapiri, ndipo foni muisiye kaye. Musakwere ndi njala, komanso musakwere mutakhuta chips cha mafuta. Kachidutswa ka jinja kotafuna kamathandiza ambiri. Ku famase kuli mapiritsi oletsa nseru ya paulendo. Amamwedwa musanakwere, osati mutayamba kale kusanza, ndipo amagonetsa tulo, kotero mayi woyembekezera kapena wosamala ana afunse kaye achipatala. Ndipo aliyense akhale ndi majumbo awiri atatu opanda kanthu m'thumba. Ntchito yake mudzaidziwa nokha. Gulu lomwe lingathe kusunga ndalama mpaka Seputembala kapena Okutobala lidzapeza mwera utachepa, koma likonzekere kutentha.

Anthu amati kunyanja n'kotentha, ndiye amasiya majuzi. Masana n'zoona, chifukwa nyanja ili m'chigwa, pafupifupi mamita 500 okha pamwamba pa nyanja yamchere pamene ife kuno tili pamwamba kupitirira mamita 1,000. Koma usiku wa mu Juni kapena Julaye, pamwamba pa sitima poyera, mphepo imalowa m'mafupa kuposa ya kudimba m'mamawa. Zimatengera tikiti yomwe mwagula. Pansi, pa mtengo wotsika, pamakhala podzaza ndi potentha, ndipo malo ogona ndi paliponse pamene mwapeza mpata. Pamwamba pali mpweya wabwino koma mumagona panja. Zipinda zokhala ndi bedi zilipo zochepa, ndipo zimafuna kusungitsiratu. Kwa ambiri a ife, juzi imodzi yokhuthala, chipewa chaubweya, masokosi ndi kabulangete kopepuka n'zokwanira. Zitenje nyamulani ziwiri kapena zitatu, abambo omwe. Chitenje ndi chofunda, choyala, chopukutira, chotchinga dzuwa, choberekera mwana potsika m'boti, ndipo chikanyowa chimauma msanga kusiyana ndi thaulo. Zovala zosinthira zitatu zakwana ulendo wa sabata, popeza madzi ochapira kumeneko sasowa. Nsapato zikhale za pulasitiki zomanga kuchidendene. Patapata amavuka m'madzi n'kupita ndi funde, ndipo nsapato zachikopa za kutchalitchi zija zidzabwerako zitakhakhinyata.

Chovala chimodzi chaulemu chokha musachisiye ngati mukukafika ku Likoma. Kumeneko kuli tchalitchi chachikulu cha Anglican cha St Peter's, chomwe anayamba kumanga mu 1903, ndipo simungafune kulowamo ndi kabudula wonyowa. Chipewa cha khonde nachonso n'chofunika, chifukwa panyanja dzuwa limakuwotchani kuchokera kumwamba ndi kuchokera m'madzi momwe. Ngati pagulu pali m'bale wathu wachialubino, mafuta ake oteteza khungu, malaya a mikono yaitali ndi magalasi zikhale zoyamba kulowa m'chikwama.

Kamba ndiye sitivutika naye, kwathu kuno n'kwa mtedza. Mtedza wokazinga, chimanga chokazinga, chigumu, mbatata yootcha, buledi, malalanje: izi zimapirira masiku awiri atatu. Nkhuku yokazinga ndi mazira owiritsa muzidye tsiku loyamba lomwelo. Mpunga wophika ndi nyemba musanyamule n'komwe, zimasasa msanga m'kutentha. Thobwa m'botolo lotseka limafufuma, ndipo ndinaonapo likuphulikira m'chikwama cha zovala za munthu. M'sitima mumagulitsidwa chakudya, choncho simukufunika kusenza nkhokwe yonse. Mukatsika ku Nkhata Bay kapena ku Likoma mudzapeza kondowole, nsima ya chinangwa yomata m'manja. Ilaweni ndi usipa wauwisi kapena batala, koma amene mimba yanu imakana zachilendo, kathumba ka ufa wa makilogalamu awiri sikalemera. Mbale, kapu ndi sipuni, aliyense zake.

Madzi akumwa ndi nkhani ina. Musaone kuyera kwa nyanja n'kumatunga pomwepo. Kolera yomwe inavuta dziko lino mu 2022 ndi 2023 inakantha kwambiri maboma a m'mphepete mwa nyanja. Munthu aliyense akhale ndi botolo lake la malita awiri, ndipo gulu linyamule WaterGuard wothira m'madzi omwe mudzatunge kumeneko, motsata muyezo wolembedwa pabotolo. Neti yanu ya udzudzu ipindeni ilowe, pamodzi ndi kachingwe komangira, chifukwa si malo onse ogona omwe ali ndi neti yosabooka ndipo malungo kunyanja sayang'ana mwezi. Posamba pewani madzi odekha a m'mabango ndi m'maudzu, muja mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Mukabwerako, wina akayamba kuona magazi mumkodzo patapita masabata angapo, apite kuchipatala akanene kuti anali kunyanja. Mankhwala ake alipo. Wotentha thupi naye akayezetse malungo tsiku lomwelo.

Ndalama musadalire za mufoni zokha. Airtel Money ndi Mpamba zimafuna netiweki, ndipo pakati pa nyanja imabwera n'kuchoka. Likoma ndi Chizumulu ndi zilumba za Malawi koma zazunguliridwa ndi madzi a mbali ya Mozambique, moti foni ikhoza kukoka netiweki ya kumeneko n'kukudyerani mayunitsi. Pasipoti simufunika pokhapokha mukufuna kuolokera tsidya la ku Cobué. Nyamulani ndalama zamanja, zambiri zikhale zosinthasintha zing'onozing'ono zolipirira boti, wonyamula katundu ndi zogula zapanjira. Msungichuma asasunge yekha thumba lonse la gulu. Gawani kwa anthu atatu, mulembe m'kope. Tochi yaing'ono, makamaka yovala pamutu, imaposa ya pafoni chifukwa imasiya manja onse awiri. Power bank ikhale yodzaza ponyamuka, popeza malo otchajira m'sitima amalimbiranidwa.

Mwina pali ena, makamaka omwe ali ndi ana ku Joni, amene aitanidwa kukakwera sitima zikuluzikulu zija zonyamuka ku Durban. Kumeneko pasipoti ndi yofunika, chakudya chambiri chimakhala cholipiridwa kale m'tikiti, ndipo simbi yositira kapena ketulo salola kulowa nazo. Sutikesi mumapereka padoko n'kukupezani kuchipinda patapita maola, choncho kachikwama kakang'ono ka mankhwala ndi zikalata kaja kakhalebe pathupi panu.

Tsiku lonyamuka lisanakwane, wapampando aimbe foni kuofesi ya sitima kufunsa tsiku, nthawi, mitengo ndi malo omwe ikuima, chifukwa izi zimasintha, ndipo nthawi zina sitima imakhala ili kokonzedwa. Kuchokera kuno njira zilipo ziwiri: ya M18 yodutsa m'nkhalango ya Nkhotakota mpaka kunyanja ku Nkhotakota, kapena ya M1 kudzera pa Jenda mpaka Mzuzu n'kutsetserekera ku Nkhata Bay, mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera mu Mzuzu. Gulu lokhala ndi agogo kapena ana aang'ono ndimalilangiza kufunsiratu ngati sitima ikukocheza padoko ku Nkhata Bay, kuti mukakwere ndi mapazi ouma. Fikani kutatsala tsiku. Mukangolowa, funsani ogwira ntchito kumene kuli majekete oyandamitsa, muwaonetsenso ana. Nyanjayi kumpoto kwake ndi yakuya mamita pafupifupi 700, si dziwe la kudambo, ndiye mwana aliyense akhale ndi wamkulu wake womuyang'anira, wotchulidwa dzina. Zikwama zonse za gulu mangani kansalu ka mtundu umodzi pachogwirira, ndipo sitima ikaima, pamene anthu akukwera ndi kutsika mothinana, awiri atsale pa katundu.

Pa msonkhano womaliza musananyamuke, aliyense abwere ndi katundu wake atalongedza kale. Abereke, anyamule botolo la madzi, azungulire bwalo la sukulu kamodzi dzanja limodzi lili m'mwamba. Amene aime panjira kuti apume, atsegule chikwama pomwepo anzake amuthandize kuchotsamo zina. Ndipo pansi pa chikwama chilichonse pakhale thumba lopanda kanthu lopinda bwino, chifukwa palibe wa ku Kasungu amene anabwerako kunyanja wopanda usipa wa apongozi, ndipo usipa ukagona usiku umodzi pamodzi ndi zovala, fungo lake limafuna kuchapa katatu.