Kwa otsogolera masewera a Dungeons & Dragons: musafulumire kugonetsa gulu

Ife a kuno ku Salima timakumana masana kusewera masewera a nthano ndi madayisi amenewa, ndipo dzuwa likapendeka aliyense amaganiza za minibasi ya ku Senga Bay kapena kabaza. Ndiye timamenya nkhondo imodzi yaikulu, gulu n'kugona, sabata yamawa onse n'kuyambanso ndi mphamvu zodzadza. Apa ndi pamene wosewera fighter (msilikali womenya ndi zida) amayamba kuona ngati alibe ntchito.

Taonani malamulo a 2014. Pa level 5, wizard (wamatsenga) amaponya Fireball, mpira wa moto wa 8d6 (madayisi 8 a mbali 6), yopsereza adani ambiri nthawi imodzi, pamene fighter amangomenya kawiri. Koma mipata yoponyera matsenga a level 3, ngati Fireball, wizardyo ali nayo 2 yokha, ndipo yonse imabwerera akapuma maola 8. Action Surge ya fighter, mphamvu yomulola kumenyanso nthawi yomweyo, imabwerera atangopuma ola limodzi. Masewerawa anawakonza poganiza kuti tsiku limodzi la m'nkhani likhala ndi nkhondo 6 mpaka 8. Mukaika imodzi yokha, wizard amakhuthula zonse osaopa za mawa.

Choncho musamathetse tsiku la m'nkhani chifukwa choti inu mukubalalika. Lembani papepala mphamvu zimene aliyense watsala nazo, mudzapitirize pomwepo. Lolani kupuma kwa ola limodzi kawiri patsikulo, koma tulo tivute: adani akuwalondola, kapena wogwidwa aphedwa kukacha.

Ine sindivomereza zochepetsa mphamvu ya Fireball, chifukwa zimangokhumudwitsa mwini wake. Pofika nkhondo yachinayi, wizard wa moyo wochepa (d6) uja amabisala yekha kumbuyo kwa fighter wa moyo wambiri (d10).