Kujambula chimphona ndi foni pamchenga wa ku Makawa

Ambiri amene anaonera mafilimu a The Lord of the Rings m'mavidiyo sho a ku Mpondasi amalumbira kuti zonse zija n'zapakompyuta. Gollum, kachilombo ka m'mafilimumo, inde, anamupanga pakompyuta motsata mayendedwe a wazisudzo Andy Serkis. Koma paja nkhalamba Gandalf akwera ngolo ndi kamnyamata Frodo mufilimu ya 2001, kamnyamatako anangokakhazika chakumbuyo, kutali ndi kamera, kuti kaoneke kakafupi, maso athu n'kupusitsika. Ine zoterezi ndiye zimandigwira mtima. Zilombo zambiri za mu The Hobbit ya 2012 n'zapakompyuta, ndipo zikamathamanga sizioneka kuti zikuponda pansi.

Nzeru ya pangoloyi mutha kuichita ndi foni yanu yomweyo. Pezani malo a tetete, monga mchenga wa kunyanja ku Makawa, popanda mtengo kapena nyumba yoti diso liyerekezere msinkhu. Amene akhale chimphona aime mamita 2 kuchokera pafoni, mnzakeyo mamita 6. Wakutaliyo aoneka wamfupi katatu. Mukamufuna wa m'chiuno basi, mamita 4 akwana.

Foni musaigwire m'manja. Itsamiritseni panjerwa, pafupi ndi mchenga, kuti mapazi a awiriwo aoneke ngati ali pamzere umodzi. Portrait ya pakamera ya foni zimitsani, chifukwa imachititsa wakumbuyo kuoneka mwachimbuuzi, chinsinsi n'kuululika. Jambulani dzuwa lili paliwombo, zithunzithunzi zili zazifupi.

Pamene ambiri amagwa mpamaso. Awiriwa akayang'anana zenizeni, zawonongeka. Chimphona chiweramitse mutu n'kuyang'ana mchenga wa pambali pake, wamfupiyo ayang'ane m'mwamba mopanda kanthu, inu muziwawongolera mukuona pafoni: "Achimwene, tsitsani chibwano pang'ono, imani pomwepo!" Pamenepa pamadya nthawi, ndipo kuseka sikulephera.

Anzathu opanga mafilimu aja ankapanganso ziwiya zamitundu iwiri, zazikulu ndi zazing'ono. Inunso chimphona chipatseni kakapu ka mwana, wamfupiyo asenze beseni lalikulu la usipa.

Wina aime pambali kupempha anthu kuti adikire kaye, chifukwa msodzi mmodzi akangodutsa pakati pa awiriwo ndi nkhafi yake, muyambiranso. Miyezi ya mwera, June ndi July, foni muitchinge ndi chitenje mukamadikira, mchenga umakanda galasi la kamera.