Momwe mungayambire bizinesi ya boarding house ya ophunzira mu Chipata

Chaka ndi chaka achinyamata ochokera ku Lundazi, Petauke, Katete ndi Chadiza amabwera kudzaphunzira ku Chipata College of Education, kusukulu ya anamwino ya pa Chipata Central Hospital, ku Chipata Trades ndi ku DMI-St. Eugene University. Si onse amagona pasukulu, choncho amene ali ndi kandalama kapenshoni kapena ka fodya akhoza kuikapo pa nyumba ya lendi. Koma dziwani kuti kholo la wophunzira sililipira kukongola kwa nyumba. Limalipira madzi, chitetezo ndi kufupika kwa njira.

Yambani ndi mapazi anu. Imani pageti ya koleji, muyende wapansi mpaka pamalo amene mukufuna kugula. Ngati mwatuluka thukuta musanafike, wophunzira sadzabwera, chifukwa alibe ndalama yokwerera njinga m'mawa ndi madzulo. Pitaninso mu Januwale mvula ili mkati, muone ngati njira imadutsika. Ophunzira unamwino amagwira mashifiti a usiku, ndiye onaninso mmene njirayo imakhalira kukada.

Mukakhutira ndi malo, musapereke ndalama musanaone mapepala. Ngati pali title deed, kafufuzeni ku Ministry of Lands kuti dzina lolembedwapo ndi la amene akukugulitsaniyo, ndiponso kuti sadakongolere nayo kubanki. Malo ambiri a m'mbali mwa tauni ali m'manja mwa mafumu. Lamulo la malo la 1995 limalola kuti malo otere asinthidwe kukhala a lizi ya zaka 99, koma pamafunika chilolezo cha mfumu ndi cha khonsolo. Kalata ya anyakwawa yokha banki siilandira ngati chikole. Pulani ya nyumba nayo ipite ku Chipata City Council musanakumbe maziko, ndipo muwauze poyera kuti mudzagoneka ophunzira.

Tsopano nkhani ya madzi, imene kwa ine ndiyo yaikulu. Ganizirani atsikana 12 amene onse ayenera kukhala m'kalasi 8 koloko. Onse adzuka nthawi imodzi, ndowa m'manja, mpopi ndi umodzi, bafa ndi limodzi. Mpopi ukangouma masiku awiri, temu yamawa mabedi adzakhala opanda anthu, poti ophunzira amauzana pa WhatsApp. Lumikizani madzi a Eastern Water and Sanitation Company, koma muike thanki pamwamba yosunga madzi a masiku angapo. Ngati thumba likulola, kumbitsani mjigo. Zimbudzi ndi mabafa zikhale zingapo, ndipo septic tank ikumbidwe molingana ndi gulu la anthu, osati banja limodzi. Ambiri amaumira pamenepa, kenaka dzinja likafika dzenje limasefukira, aneba nkuyamba kudandaula kukhonsolo.

Za malaiti tonse tidaphunzira mu 2024, pamene madzi adachepa ku Kariba ndipo ZESCO inkazimitsa kwa maola ambiri. Kasola kakang'ono koyatsira mababu ndi kutchajira mafoni ndi malaputopu nkokwanira. Gwirizanani msanga kuti mayunitsi agula ndani, chifukwa chitofu ndi ketulo zimadya koopsa. Mangani khitchini yapanja yophikira pambaula, ndipo muletseretu kulowetsa mbaula ya malasha m'chipinda chogona mu Juni kukamazizira. Utsi wake umapha anthu ali mtulo.

Mpanda, geti yokhoma ndi zitsulo za pamawindo musazisiye.

Masamu ake amawerengedwa pa bed space, osati pa chipinda. Tiyerekeze kuti muli ndi zipinda 6 za anthu awiriawiri, ndipo bedi lililonse ndi K600 pamwezi. Imeneyo ndi K7,200. Musachulukitse ndi miyezi 12, pakuti pali maholide, palinso nthawi imene ophunzira uphunzitsi amapita kukaphunzitsa m'masukulu akutali. Werengerani miyezi 9, muchotsepo madzi, malipiro a wosamalira pamalo, ndalama yokonzera zoonongeka ndi msonkho wa ZRA. Lendi imadulidwa msonkho, ndiye khalani ndi TPIN, nambala yanu yolipirira msonkho ku ZRA. Chotsalacho ndicho chikuuzeni ngati mungakwanitse ngongole yakubanki. Mtengo weniweni mufunse kwa ophunzira eni ake. Ndikupemphaninso, musapanikize ana anayi m'kachipinda ka anthu awiri. Amenewa ndi ana a anzathu, ndipo akufunika malo oika tebulo lowerengera.

Nyumba ikatha, kadzionetseni kuofesi yoona za ophunzira pakoleji, musiye nambala yanu kutatsala milungu ingapo kuti atsegulire. Sankhani kuti mugoneka anyamata kapena atsikana. Makolo ambiri amamasuka akamva kuti simusakaniza. Wolowa aliyense asaine pangano lolemba, asiye kope ya NRC ndi nambala ya kholo kapena womulipirira. M'panganomo mulembe tsiku lolipira, dipoziti, nthawi yotseka geti, za alendo, ndi zimene zidzachitike ndi katundu wake paholide. Lendi ilowe pa Airtel Money, MTN MoMo kapena kubanki kuti pakhale umboni. Ngati inu mumakhala kutali, pezani mayi wachikulire wodalirika kuti azigona pompo, azisunga makiyi a geti, ndipo mwana akadwala usiku aziimbira makolo ake.