Kuwongola msana wowerama, lamba womanga m'mapewa wotsatsidwa pa Facebook uja musiyeni kaye

Munthu ukamuuza kuti khala mowongoka amatulutsa chifuwa, kukoka mapewa m'mbuyo, kuuma gwa, ndiye pakatha ma minitsi awiri wabwerera mwakale. Si ulesi ayi. Minofu siingagwire chinthu molimba chonchija tsiku lonse, imatopa basi. Ndiye ngati mukufuna kusiya kuwerama ntchito yake ili pa zinthu zomwe mumazigwira tsiku ndi tsiku, foni, mpando, tsache, beseni, kenako kulimbitsa minofu ya kumsana kuti izigwira yokha inu musakuganizira n'komwe.

Choyamba dziwani kuti msana sunalengedwe wowongoka ngakhale pang'ono. Mukauyang'ana cham'mbali uli ndi mapindiko ake, m'khosi muli mafupa 7 ndipo amalowa mkati, kumsana kwa pachifuwa kuli mafupa 12 omwe amatulukira kunja pang'ono, m'chiuno muli 5 amalowanso mkati. Mapindiko amenewa ndi abwinobwino. Vuto limabwera pomwe mutu wapita kutsogolo, mapewa agwera mkati, ndiye mwakhala choncho maola ndi maola osasuntha.

Tiyambe ndi foni poti ndi yomwe yatigwira tonse. Mutu wa munthu wamkulu umalemera cha m'ma 5 kg. Mu 2014 dokotala wa msana wa ku New York, Kenneth Hansraj, anawerengetsa kuti mutu ukawerama madigiri 15 khosi limamva ngati lanyamula 12 kg, ukafika madigiri 60, komwe ndi mmene ambiri timayang'anira foni ili pamiyendo, zimafika cha m'ma 27 kg. Ndowa ya malita 20 yodzadza madzi ndi 20 kg, ndiye taganizirani kuti khosi lanu likusenza zoposa ndowa imeneyo pomwe mukungoseka ma status a anzanu pa WhatsApp. Mankhwala ake ndi ophweka koma amachititsa manyazi poyamba: kwezani foni ifike chapafupi ndi maso, osati maso kutsikira ku foni. Mikono ikatopa tsamiritsani zigongono pa tebulo kapena pa chikwama chomwe mwaika pamiyendo, mu minibasi zimatheka bwinobwino. Kugona chagada pa sofa mutu utapindika pa pilo ziwiri uku mukuonera mavidiyo, chimenecho ndiye chisiyeni ndithu.

A muofesi, laputopu ili ndi vuto lobadwa nalo, sikirini ndi kiyibodi zinalumikizana ndiye mukaika pabwino pa manja maso amavutika, mukaika pabwino pa maso manja amavutika. Ikwezeni pa mabuku kapena pa katoni mpaka m'mphepete mwa pamwamba pa sikirini mufanane ndi maso anu, italikire pafupifupi mkono umodzi, kenako gulani kiyibodi ndi mausi zapadera, zotchipa zomwe zija zimagwira ntchito. Pokhala, lowetsani matako mpaka kumapeto kwa mpando, osakhala pa nsonga. Mapazi aponde pansi onse awiri, ngati mpando watalika ikani njerwa kapena thabwa. Mpando ukakhala wa pulasitiki kapena wathabwa wopanda chotsamira m'chiuno, pindani thaulo kapena chitenje n'kuchiika pamsana penipeni pomwe pamadutsa lamba wa thalauzi. Azibambo chikwama cha ndalama chotsani m'thumba la kumbuyo musanakhale, chimakupendeketsani mbali imodzi tsiku lonse. Atelala nawo nkhani ndi yomweyi, kungoti iwo chimawaweramitsa kwambiri ndi mdima, singano siikuoneka ndiye nkhope imatsikira pa makina, sunthirani makina pomwe pali kuwala kapena pimitsani maso, mwina ndi magalasi omwe akufunika osati msana.

Koma ngakhale mpando utakhala wodula chotani, kukhala ola lathunthu osadzuka ndi komwe kumapweteka. Ine ndimaona kuti ili ndiye gawo lalikulu kuposa onse. Pakatha ma minitsi 30 dzukani, kaya mukatunge madzi akumwa, kaya mungoimirira n'kudziwongola manja ali m'chiuno, zokwana mphindi imodzi basi. Tcherani alamu pa foni masiku oyamba. Kuwerama pang'ono nthawi zina si tchimo, munthu amene amasinthasintha makhalidwe ali bwino kuposa amene wauma mowongoka kuyambira 8 koloko mpaka 12.

Kunyumba ndiye kuli ntchito zomwe zimatiweramitsa tisakudziwa. Tsache lathu lalifupi lija, kusesa bwalo lonse m'mawa uliwonse msana utapindika, limangirireni pa ndodo yaitali, palibe lamulo loti tsache likhale lofika m'mawondo. Beseni lochapira ikani pa tebulo, pa chitsa kapena pa njerwa zosanjikiza lifike cha m'chiuno. Mbaula ikakhala pansi khalani pa kampando m'malo moimirira chowerama mpaka nsima kupsa. Ndipo pomwe kuwerama sikungapewedwe, monga kumunda ndi khasu kapena ponyamula thumba la chimanga, pindani m'chiuno ndi m'mawondo, matako apite m'mbuyo, katunduyo akhale pafupi ndi thupi, osamunyamula uku mukupotoloka. Polima muziima kawirikawiri n'kudziwongola, osadikira kuti mzere uthe. Ana asukulu chikwama azibereka ndi zingwe zonse ziwiri, zingwezo zifupikitsidwe kuti chisamalendewere pa matako.

Tsopano mafizo ake. Sizifuna jimu izi.

Woyamba ndi wa chibwano. Khalani kapena imani, yang'anani kutsogolo, kokerani chibwano mkati molunjika m'mbuyo osaweramitsa mutu komanso osauyang'anitsa kumwamba, mpaka pansi pa chibwano papange timakwinya tonyansa tija. Gwirani masekondi 5, masulani, bwerezani ka 10. Mukamva kukoka kumbuyo kwa khosi ndiye kuti mukuchita bwino. Uwu mutha kuchita paliponse, pa mzere ku banki, pa depoti, anthu adzakuyang'anani koma zilibe kanthu.

Kenako pitani pa khoma. Tsamirani, matako, kumsana kwa m'mwamba ndi kumbuyo kwa mutu zikhudze khoma, zidendene zitalikire pang'ono. Ambiri apa ndi pomwe amadzidzimuka kuona kuti mutu sukufika pa khoma pokhapokha ataukakamiza. Kwezani mikono zigongono zitapindika, kumbuyo kwa manja kuyang'ane khoma, ndiye muzikweza ndi kutsitsa pang'onopang'ono mikono ikukhula khomalo, ka 10. Ngati manja sakukhudza khoma osakakamiza, fikani pomwe mungathe, masabata akamapita zimamasuka. Chenjerani kuti chiuno chisachoke kwambiri pa khoma pomwe mikono ikukwera, thupi limakonda kuba chonchija.

Chifuwa nacho chimafunika kutambasula chifukwa munthu wowerama minofu ya kutsogolo imakhala yomangika. Imani pakhomo chitseko chili chotsegula, ikani mikono pa felemu mbali zonse ziwiri zigongono zili molingana ndi mapewa, pondani kutsogolo ndi mwendo umodzi mpaka mumve kukoka pachifuwa, khalani choncho masekondi 30, kawiri kapena katatu. Kukoka kokha, osati ululu.

Koma womwe ine ndimaukonda kwambiri ndi wa chubu cha njinga, chifukwa kutambasula kokha sikulimbitsa kanthu. Pezani chubu chakale kwa okonza njinga, chotsani valavu, chikoleni pa zitsulo za pawindo kapena pa mtengo molingana ndi chifuwa. Gwirani mbali zonse ziwiri, bwererani m'mbuyo mpaka chikungike, ndiye kokani zigongono zipite m'mbuyo moyandikana ndi nthiti uku mafupa a mapewa akuyandikirana kumsanako. Mapewa asakwere kupita kumakutu, apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa ndiye m'malo mwa msana limatopa ndi khosi. Bwezani pang'onopang'ono osangochisiya chikukokeni. Ka 12, pumani, bwerezani maulendo atatu. Chionetsetseni kaye chubucho ngati sichinang'ambike, chikaduka chimamenya kumaso. Mukamaliza gonani chagada pa mphasa, pindani mawondo, kwezani matako m'mwamba mpaka thupi liwongoke kuchokera m'mapewa kufika m'mawondo, ka 10 kapena 15, chifukwa matako ndi mimba zikafooka chiuno chimagwa ndipo msana wonse umatsatira.

Wa chibwano ndi wa pakhomo uja chitani tsiku lililonse, wa chubu ndi wa matako masiku awiri kapena atatu pa sabata. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO mu malangizo ake a 2020 limanenanso kuti munthu wamkulu azilimbitsa minofu masiku osachepera awiri pa sabata komanso azichita zolimbitsa thupi ma minitsi 150 mpaka 300 pa sabata, ndipo kuyenda ndawala kumawerengedwa. Musayembekezere kusintha pa sabata imodzi, perekani mwezi ndi theka kapena iwiri. Jambulitsani chithunzi cham'mbali lero mutaima mmene mumaimira nthawi zonse, osadzikonza, mudzafananitse nthawi imeneyo, khutu likuyenera kuyandikira pamwamba pa phewa.

Nanga malamba omanga m'mapewa omwe akutsatsidwa paliponse aja? Amakukumbutsani kuwongoka pomwe mwavala, mukavula mwabwerera, chifukwa ntchito yagwiridwa ndi lamba osati minofu yanu. Ndalama imeneyo bola kiyibodi.

Pali kuwerama kwina komwe mafizo sangakuthetse ndipo apa musachedwe ndi zoyesayesa. Msana ukamapweteka usiku osaleka ngakhale mutagona, limodzi ndi kutentha thupi, thukuta la usiku kapena kuonda, pitani kuchipatala, TB imagwiranso mafupa a msana ndipo ikachedwa imasiya linunda losongoka ngakhale kupuwalitsa miyendo. Dzanzi kapena kufooka kwa miyendo, dzanzi la pakati pa miyendo, kulephera kugwira mkodzo kapena chimbudzi, zimenezo ndi za tsiku lomwelo osati mawa. Mwana amene akukula, makamaka wa zaka 10 mpaka 15, mukaona phewa limodzi lakwera kapena akawerama nthiti za mbali imodzi zikutukuka, kumukalipira kuti ima bwino sikuthandiza chifukwa si dala, akamuone adokotala a mafupa, ku Blantyre kuli Beit CURE yomwe imaona ana a mavuto a mafupa. Agogo amene ayamba kufupika ndi kupindika msanga, makamaka amayi, nthawi zambiri ndi mafupa omwe afooka ndipo mafizo owerama kwambiri angawathyole, ndiye asanayambe chilichonse apite kaye ku chipatala cha boma akapemphe kuonana ndi a fizo awasankhire zoyenera.